Loko amene ndinagula ku Limbe

M'mwezi wa June chaka cha 2014, ife a pabanja pathu tinagwirizana zotsekera achimwene anga m'chipinda kuti asiye mowa. Ndikunena kuti "ife", koma amene anapita kumsika wa ku Limbe kukagula loko ndinali ine, ndipo amene anayankhula kwambiri pa msonkhano wa banja uja ndinalinso ine, popeza pakhomo ponse wa digiri ndinali ndekha ndipo aliyense ankayembekezera kuti nzeru zichokera kwa ine. Achimwene anali atamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa khumi, kuyambira kachasu wa kwathu ku Ntcheu mpaka mowa wa m'masacheti, umene nthawi imeneyo unali mbwee m'timagolosale ta ku Bangwe pa mtengo woti ngakhale mwana wasukulu ankaukwanitsa. Ukalipentala unali utawathera, alamu anali atabwerera kwawo ndi ana, ndipo amayi anali atatopa ndi kukawatola m'ngalande.

Tsiku loyamba anatitukwana. Lachiwiri anayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta ngakhale kunja kunali chiperoni, ndipo anachonderera kuti tiwapatse kakang'ono chabe kochotsera matsire. Ine ndinaima pawindo n'kuwauza kuti mwamuna amapirira. Madzulo ake anagwa pansi n'kuyamba kuphiriphitha ngati wodwala khunyu, koma atatsitsimuka malume anati ndi ziwanda zikutuluka, tingolimbikira kupemphera. Usiku wa tsiku lachitatu ankakuwa kuti m'chipindamo mwadzaza linthumbu ndi njoka, sankatizindikiranso, ndipo thupi lawo linali kutentha ngati mbaula. Galimoto tinaipeza m'bandakucha. Anatisiya tisanafike pa chipata cha chipatala.

Pa maliro ena anati mowa wawapha, ena anati anawalodza. Ine kwa zaka zinayi ndinkakhulupirira kuti cholakwa chathu chinali chimodzi chokha, choti tinachedwa kuwaumira mtima.

## Chimene ndinapitira ku Cape Town

Ndinkagwira ntchito ya chisamaliro cha anthu, ndipo pafupifupi nkhani iliyonse imene inkafika pa desiki panga, kaya ya nkhanza za m'banja, kaya ya mwana wosiyira sukulu panjira, ukaifukula unkapeza botolo kapena chamba pansi pake. Kwathu kuno a Saint John of God ku Mzuzu amaphunzitsa za uphungu ndipo amathandiza anthu amene akodwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba chimalandira ambiri amene zinthu zawafika povuta. Koma ine ndinkafuna maphunziro a pamwamba pa digiri olunjika pa nkhani imeneyi yokha, ndipo ndinawapeza ku South Africa, kumene yunivesite ya Cape Town ndi ya Stellenbosch zonse zili ndi dipuloma yotere. Ndinalowa imodzi mwa izo m'chaka cha 2018.

M'kalata yopempha malo ndinalemba kuti ndikufuna kuphunzira mawu amphamvu otha kusintha mtima wa chidakwa. Ndikaikumbukira lero kalata imeneyo ndimachita manyazi.

M'kalasi mwathu munali anamwino, madokotala, anzanga a chisamaliro cha anthu, ndi awiri amene ankanena poyera kuti iwo eni anakodwapo. Anzanga a kumeneko ankakamba za tik, dzina limene amaitchula methamphetamine, imene inawononga achinyamata ambiri m'madera a Cape Flats, mumzinda wa Cape Town, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, za mandrax amene amasuta posakaniza ndi chamba, ndiponso za mchitidwe wakale wa m'minda ya mphesa wolipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, umene zotsatira zake zikuonekabe mwa ana obadwa ndi ubongo wovulala chifukwa cha mowa. Tinaphunzira zizindikiro 11 zimene buku la madokotala a matenda a maganizo la DSM-5 la mu 2013 limagwiritsa ntchito, kuti munthu akakhala ndi ziwiri kapena zitatu vuto ndi laling'ono, zinayi kapena zisanu ndi lapakati, ndipo kuyambira zisanu ndi chimodzi ndi lalikulu. Tinaphunziranso kufunsa mafunso khumi a AUDIT, amene anakonzedwa ndi bungwe la WHO, pamene malikisi onse ndi 40, ndipo wopeza 8 ndiye kuti wayamba kumwa moika moyo pachiswe, pamene wofika 20 kawirikawiri thupi lake limakhala litayamba kudalira mowa. Zonsezi ndinkazilemba mwachangu ngati mwana wa folomu 4 wokonzekera mayeso, ndipo palibe chimene chinkandikhudza mumtima.

## Phunziro la Lachiwiri m'mawa

Dokotala amene anabwera kudzatiphunzitsa za zimene zimachitika munthu akasiya mowa mwadzidzidzi anayamba ndi kufotokoza kuti mowa umafooketsa ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umazolowera kulimbana nawo podzikoka mwamphamvu kuti ukhalebe maso. Zili ngati anthu awiri amene akhala akukokana chingwe kwa zaka zambiri, kenako mmodzi n'kuchitaya osachenjeza mnzake. Wotsalayo amagwa chagada. Kenako anajambula mzere pa bolodi n'kulembapo maola. Pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza, munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuchita nseru. M'kati mwa masiku awiri oyamba ena amagwa ngati akhunyu. Pakati pa maola 48 ndi 96 ndi pamene ochepa amafika pa chimene madokotala amachitcha delirium tremens, pamene munthu amasokonezeka mutu, amaona tizilombo tosaoneka kwa ena, mtima umathamanga ndipo thupi limatentha, ndipo popanda chithandizo akhoza kufa.

Anawonjezera kuti kusiya mankhwala ozunguza bongo a heroin kumapweteka koopsa koma sikupha kawirikawiri, pamene kusiya mowa mwadzidzidzi kukhoza kupha, ndipo mankhwala ake ndi otsika mtengo, opezeka ngakhale m'zipatala za anthu osauka: diazepam amene amamuchepetsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, vitamini wa thiamine, madzi a m'thupi, ndi munthu womuyang'anira wodwalayo. Ndinayang'ana mzere uja pa bolodi ndipo ndinaona June wa 2014 atalembedwa tsiku ndi tsiku, mwa dongosolo lake lenileni. Kakang'ono kochotsera matsire kamene achimwene ankapempha pawindo paja, kamene ine ndinawakaniza monyadira, kakanatha kuwasunga ndi moyo mpaka titafika nawo kuchipatala.

Ndinatuluka m'kalasi, ndinakakhala m'chimbudzi mpaka phunziro linatha, ndipo sindinauze munthu aliyense. Mungaganize kuti pamenepa ndinasintha. Ayi, ndinangosintha chida.

## Bambo wa ku Mulanje

Gawo lalikulu la maphunzirowa ndi kugwira ntchito m'chipatala pansi pa woyang'anira, ndipo zokambirana zina ndi odwala zimajambulidwa mawu, iwo atavomera, kuti woyang'anirayo adzamve mmene wophunzira akugwirira ntchito. Tsiku lina anamwino anandiitana mokondwa kuti kwabwera munthu wa kwathu amene Chingerezi chikumuvuta. Zina zokhudza bamboyu ndazisintha kuti asadziwike. Anali wa zaka za m'ma 40, wochokera ku Mulanje, wosamalira maluwa kunyumba za anthu olemera, ndipo ankagona m'kachisakasa ka malata ndi anzake atatu. Bwana wake ndiye anamutumiza, atamuuza kuti akapanda kupita ntchito yatha. Ankamwa vinyo wotsika mtengo wa m'zigubu, ndipo pa mafunso a AUDIT anapeza 26.

Ndinamulandira ngati mbale wanga, ndipo ndinatsanulira pa iye zonse zimene ndinali nazo. Ndinamufotokozera za chiwindi, za ana amene akudikira fizi kumudzi, za manyazi amene Amalawi timachita anthu akamati timangomwa, za Mulungu, za maola aja a pa bolodi. Iye anakhala chipewa chili pa bondo, maso ali pansi, n'kumayankha kuti, "Eya, mayi. Ndamva, mayi. Zoona zimenezo, mayi." Potuluka anandithokoza ndi manja awiri. Usiku umenewo ndinamasulira zokambirana zathu m'Chingerezi mpaka 2 koloko, ndili ndi chimwemwe choti ndapulumutsa munthu.

Woyang'anira wanga anali mayi wachikulire wosakonda zoyankhulayankhula, amene anagwira ntchitoyi zaka zambiri m'madera a Cape Flats. Mapepala anga omasulira aja anawaika pambali osawawerenga, ndipo anati timvere kaye mawuwo. Ndinawakumbutsa kuti ndi Chichewa chokhachokha. Anati palibe kanthu. Anatenga pepala, analigawa pakati ndi mzere, anaika wotchi yawo patebulo, ndipo tinayamba kumvera. Ine ndikamayankhula ankalemba mbali imodzi, bambo uja akamayankhula ankalemba mbali inayo. Palibe chinthu chowawa ngati kumva mawu ako omwe pamaso pa munthu amene sakumva tanthauzo lake, chifukwa chimene chimatsala ndi kamvekedwe kokha, ndipo kamvekedwe kanga kanali ka mlaliki wa pa depoti. Patatha mphindi 20 anaimitsa n'kunditembenuzira pepala lija. Mbali yanga inali yodzaza. Mbali ya bambo uja sinafike ndi mphindi ziwiri zomwe.

Anandifunsa kuti liwu limene bamboyo akungolibwereza likutanthauza chiyani, ndipo analitchula bwinobwino: "ndamva". Ndinawamasulira. Anafunsa ngati pali pena pamene ananena chimene iye mwini akufuna, kapena chimene akuopa, kapena chimene achite. Ndinafufuza m'mapepala anga onse asanu ndi anayi ndipo sindinapeze chiganizo ngakhale chimodzi. Kenako anabweza mawu aja kufika cha pa mphindi ya 12 n'kunena kuti, "Chinenero chanu sindichimva, koma apa mawu anu asintha. Simukuyankhulanso ndi bambo uyu. Mukuyankhula ndi ndani?"

Ndinawauza za loko. Anali munthu woyamba kumva nkhaniyi kuchokera pakamwa panga monga mmene inachitikira, osati monga mmene tinkaikambira pa maliro. Ndinkayembekezera kuti anena zimene anthu amanena, zoti si vuto langa, zoti inali nthawi yawo. Iwo anakhala chete nthawi yaitali ndithu, kenako anati, "Munkafuna kuti achimwene anu akhale ndi moyo, ndipo chida chokha chimene munali nacho chinali loko." Sanawonjezere kanthu. Ndinalira, ndipo anandisiya ndilire. Nditatontholako anandiuza zinthu ziwiri mosapita m'mbali. Choyamba, ndipeze mlangizi wanga wa ine mwini ndisanaonenso odwala ambiri, chifukwa chisoni chosasamalidwa chimakakhala m'chipinda chothandiziramo anthu. Chachiwiri, pa zonse zimene ndinauza bambo uja, chimodzi chokha ndi chimene chinali chofunika pa moyo wake tsiku limenelo, choti asasiye mowa mwadzidzidzi payekha, ndipo chimenecho ndinachikwirira pansi pa ulaliki wa mphindi 40.

Panapita miyezi ndisanazindikire kuti mayi uja anagwiritsa ntchito pa ine njira yomweyo imene ankafuna kuti ndiphunzire.

## "Ndamva" wathu

Njirayo imatchedwa motivational interviewing. Anaiyambitsa ndi katswiri wa za maganizo wa ku America, William Miller, amene analemba za iyo koyamba mu 1983 atakambirana ndi akatswiri achinyamata a ku Norway za mmene ankathandizira anthu omwa mowa, ndipo pambuyo pake anaikulitsa pamodzi ndi Stephen Rollnick. Maziko ake ndi oti munthu wokodwa amakhala ndi mitima iwiri, wina wofuna kusiya ndi wina wofuna kupitiriza, ndipo mlangizi akatenga mbali ya mtima woyambawo, mwiniwake amakakamizika kuikira kumbuyo wachiwiriwo. Kafukufuku amene Miller ndi anzake anafalitsa mu 1993 anapeza kuti mlangizi akamalimbana kwambiri ndi womwa mowa, munthuyo amapezeka akumwa kwambiri patatha chaka. Ntchito ya mlangizi tsono ndi kufunsa mafunso osayankhika ndi "inde" kapena "ayi", kubwezera munthu zimene wanena kuti adzimve yekha, ndi kudikira mpaka zifukwa zosiyira zituluke m'kamwa mwa mwiniwake. Poyesa luso lathu ankawerenga, ndipo wodziwa ntchito ankayenera kubwezera mawu kawiri pa funso limodzi lililonse.

Ife tinakulira m'chilangizo. Anankungwi amalangiza namwali, ankhoswe amalangiza banja, abusa amalangiza mpingo, ndipo timati wakutsina khutu ndi mnansi. Sindikunyoza mwambo umenewu, chifukwa umagwira ntchito bwino pa munthu amene sakudziwa kanthu kena ndipo akufunika kuuzidwa. Koma chidakwa chimadziwa. Achimwene ankadziwa za chiwindi kuposa ine, popeza ululu wake ankaumva ndi iwo. Pamenepa ndi pamene ndinaona kuti maphunziro athu, okonzedwa kumayiko a azungu, anali ndi mpata umene ndinayenera kuutseka ndekha. Zitsanzo za m'kalasi zinkaonetsa wodwala wokana akutsutsa, akudula mawu, akukweza mawu. Mmalawi woleredwa bwino sachita zimenezo kwa munthu wa mu ofesi. Amagwira chipewa, amayang'ana pansi, amati "ndamva", ndipo mlangizi wosachenjera amalemba m'faelo kuti wodwala wagwirizana nazo. "Ndamva" ameneyo ndi chitseko chimene munthu watseka mwaulemu, ndipo ine ndinali nditachiwombera m'manja.

Kubwezera mawu m'Chichewa kunandivutanso, chifukwa kubwereza zimene munthu wamkulu wanena kumamveka ngati kumunyogodola. Ndinayesa njira zingapo mpaka ndinakhazikika pa kuyamba ndi mawu oti, "Ngati ndakumvani bwino, bambo," kenako n'kunena osati mawu ake enieni koma chimene chili pansi pa mawuwo, ndipo ndikatero n'kutseka pakamwa. Kutseka pakamwako ndi kumene kunali kovuta kuposa mayeso onse amene ndinalemba.

## Atabweranso

Kwa milungu iwiri sanabwere. Mlungu wachitatu anafika akununkha vinyo, chifukwa bwana anafuna kuona chidindo pa khadi. Ndinayamba ndi kupepesa kuti ulendo wapita ndinayankhula ndekha, zimene zinamudabwitsa kwambiri moti anadzutsa maso koyamba. Kenako ndinafunsa funso limene ku ofesi yanga yakale ndikanaliona ngati tchimo: "Bambo, mowawu umakuthandizani chiyani?" Anakhala chete nthawi yaitali moti lilime linkandiyabwa. Potsiriza anati, "Umandigonetsa, mayi."

Ndinati, "Ngati ndakumvani bwino, usiku ndi umene umakuvutani." Apa ndi pamene zinatuluka. Bambo ake anamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo iye, mwana woyamba, sanapite kukaika maliro chifukwa masiku a pa pasipoti yake anali atatha kalekale ndipo akanatuluka sakanabwereranso. Ndalama ya bokosi anatumiza, koma manda sanawaone. Akagona ankaona bambo akewo ataima pakhomo pa chisakasa. Tsiku limenelo anayankhula pafupifupi theka la ola, ndipo kumapeto kwake, ine osamufunsa, anati mwana wake wamkazi alemba mayeso a sitandade 8 ndipo sakufuna kuti adzamve kuti bambo ake anafera m'ngalande ku Joni. Chifukwa chimenechi chinali chake, ndipo chinalemera kuposa zifukwa zanga zonse zija.

Ndinapempha chilolezo chake kuti ndimuuze chinthu chimodzi chokhudza thupi lake, ndipo atavomera ndinamufotokozera za kuopsa kosiya mwadzidzidzi, m'ziganizo zosapitirira zisanu. Anaonana ndi dokotala, anapatsidwa mankhwala, ndipo masiku oopsa aja anawadutsa akuyang'aniridwa. Pa Khirisimasi anamwanso. Ndikanakhala wakale ndikanati ntchito yonse yapita m'madzi, koma tinali titaphunzira kuti pakati pa 40 ndi 60 mwa anthu 100 alionse amene alandira chithandizo amabwereranso, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amayambiranso, ndipo palibe amene amathamangitsa wodwala BP chifukwa choti yakweranso. Chimene chinandisangalatsa n'choti mu January anabwera yekha, popanda khadi la bwana, kudzandiuza. Ulendo womaliza kumuona anali atatha milungu isanu ndi iwiri osamwa, ndipo anandionetsa pa foni chithunzi cha malata khumi ndi awiri amene mkazi wake anagula ndi ndalama imene anatumiza.

## Kuno kumudzi

Ndinabwerera kuno ndipo ndikugwira ntchitoyi. Masacheti boma linawaletsa, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo. Lamulo la mu 2020 lololeza ulimi wa chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala nalo anyamata ambiri analimva mwa njira yawo, moti amandiuza mosangalala kuti kusuta tsopano n'kololedwa, pamene sizili choncho. Odwala ambiri sabwera okha. Amabwera atagwiridwa mkono ndi mayi, mkazi kapena mlongo wotopa, amene amawakhazika pampando n'kundiuza kuti, "Mumulangize, mwina inu akumverani." Mlongo ameneyo ndimamudziwa bwino, ndipo sindimuweruza.

Ndisanachite china chilichonse ndimafunsa mafunso atatu: anamwa liti komaliza, kodi m'mawa amanjenjemera mpaka atamwako, ndipo kodi anagwapo ngati wakhunyu atasiya kumwa. Mayankho akakhala oopsa, uphungu umadikira ndipo timayamba tapita kwa dokotala. Kawiri konse ndamvapo banja likunena kuti lakonza kale chipinda chomutsekeramo, ndipo pamenepo pokha ndi pamene ndimaiwala zonse za kufunsa modekha n'kunena mosabisa kuti musachite zimenezo, mukhoza kumupha.

Amayi sindinawauze. Ali ndi zaka 74 tsopano, anabwerera ku Ntcheu, ndipo amakhulupirira kuti mwana wawo anamulodza anthu ansanje ndi luso lake la ukalipentala. Mlangizi wanga anandifunsapo kuti kuwauza kungathandize ndani, iwo kapena ine, ndipo yankho lake sindinalipereke mpaka lero. Mwezi watha ndinapita kukawaona, ndipo madzulo anandituma kukatsekera nkhuku. Pa chitseko cha khola ndinapeza loko yemwe uja, wachita dzimbiri koma akugwirabe ntchito, kiyi wake atamangiriridwa ku kansalu kofiira. Ndinawerenga nkhuku, zinakwana zonse khumi ndi zinayi, ndinatseka, ndipo kiyi ndinakawapatsa amayi m'manja.